Chiponde ndi Boma la Mangochi: Mbiri ya Njira, Mafumu ndi Malire

Msewu wochoka pa boma la Mangochi kulowera kum'mawa umaoloka Shire, n'kudutsa m'chigwa chotentha cha milambe ndi migwalangwa, kenaka n'kuyamba kukwera mokhotakhota zitunda za kwa Chowe. Ukafika pamwamba thukuta limauma. Uku ndi kumtunda kwa Namwera, dziko lozizira bwino la chimanga, fodya, mtedza ndi nyemba, loyang'anizana ndi mapiri a Mangochi ndi Namizimu. Ukapitirira pang'ono umafika pa Chiponde, chipata chimene Malawi amakumanirapo ndi Mozambique. Tsidya linalo kuli tauni ya Mandimba, m'chigawo cha Niassa.

Woyang'ana mapu angaganize kuti Chiponde ndi kumathero kwa boma la Mangochi. Wofufuza mbiri amapeza kuti zambiri zimene zinaumba bomali zinalowera mbali imeneyi: makolo a anthu ochuluka okhala m'bomali lero, malonda, mfuti, Chisilamu, nkhondo ndiponso othawa nkhondo. Njira ndizo zinayamba, maufumu anamera m'mbali mwa njirazo, ndipo malire ndi maofesi a boma anadza pomalizira. Wofuna kumvetsa chifukwa chake bomali linagawidwa momwe lililimu ayenera kuitsata nkhaniyi m'ndondomeko yomweyo.

Eni dziko oyamba

Akuluakulu amasimba za Akafula, anthu aafupi msinkhu amene ankakhala m'mapanga ndi m'nkhalango, osaka nyama ndi kufula uchi. Amati iwo ndiwo anayamba kuponda dziko lino. Pambuyo pawo kunadza anthu odziwa kulima, kuumba mbiya ndi kusula chitsulo. Mapale a mbiya zawo anafukulidwa ku Nkope, m'mbali mwa nyanja pakati pa boma la Mangochi ndi Monkey Bay, ndipo akatswiri ofufuza zakale anatcha kaumbidwe kameneko dzina la malowo. Mapalewo amasonyeza kuti kumwera kwa nyanjayi kunali midzi ya alimi ndi asodzi zaka zoposa 1,500 zapitazo.

Patapita mibadwo yambiri kunabwera Amaravi. Likulu la Kalonga linali cha ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, ndipo ulamuliro wake unkafika kumwera konse kwa nyanja. Amaravi amene anakhazikika m'magombe ndi m'mbali mwa Shire anadziwika kuti Anyanja. Ankasema mabwato, kuluka miono ndi maukonde a luzi, kulima mapira ndi mawere, kuomba nsalu za thonje ndi kusula makasu. Mudzi unkamangidwa pa mbumba, ndiye kuti amayi apachibale ndi ana awo, moyang'aniridwa ndi mlongo wawo wamkulu.

Dzikoli silinali lodzitsekera. M'chaka cha 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda kuchoka ku Tete mpaka ku Kilwa, m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo anadutsa cha kumwera kwa nyanja yathuyi. Sanachite kulambula njira yatsopano. Anatsata imene anthu a kuno ankayendamo kale ndi minyanga ya njovu ndi zitsulo.

Ayao atsika m'mapiri

Kwawo kwenikweni kwa Ayao ndi kumpoto kwa Mozambique, pakati pa mitsinje ya Lujenda ndi Rovuma, kufupi ndi phiri lotchedwa Yao. Mbiri yawo inalembedwa ndi mmodzi wa iwo eni, wansembe Yohanna Abdallah, m'buku la Chiikala cha Wayao limene linatuluka mu 1919. Iye anafotokoza kuti mtunduwu utakula unabalalika m'magulu, ndipo gulu lililonse linatenga dzina la phiri kapena dera limene linakhalako. Magulu atatu ndiwo akukhudza kwambiri nkhani yathu. Amangoche anakhala pa phiri la Mangochi. Amasaninga anachokera ku phiri la Lisaninga. Amachinga ankakhala m'mapiri a ku Mandimba, kufupi ndi pamene pali Chiponde lero.

Poyamba Ayao ankabwera kwa Anyanja ngati amalonda. Ankanyamula nsalu, mikanda ndi mchere kuchokera ku Kilwa, ku Ibo ndi ku chilumba cha Mozambique, n'kubwerera ndi minyanga, fodya ndi makasu. Koma cha m'ma 1830 kupita m'tsogolo zinthu zinasokonekera kwawoko. Kunagwa njala, ndipo Alolo ndi Amakua amene anali atapeza mfuti anayamba kuthira nkhondo midzi ya Amachinga. Amachinga anasamukira kumadzulo ndi kumwera, n'kukankha Amangoche, amene ambiri mwa iwo anatsikira ku mapiri a Chiradzulu, Blantyre ndi Mulanje. Amasaninga, motsogozedwa ndi Makanjira, anakamanga kugombe la kum'mawa kwa nyanja.

Kusamuka kumeneku sikunachitike tsiku limodzi. Mbumba zinkabwera motsatizana, zina mwamtendere kudzapempha malo, zina ndi mfuti m'manja. M'madera ena Anyanja anawalandira alendowo n'kukwatirana nawo, ndipo popeza mitundu yonse iwiri imatsata kuchikazi komanso chikamwini, kusakanikirana sikunavute. M'madera ena eni dziko anagonjetsedwa, ena anathawira m'zilumba ndi m'mabango, ena anagwidwa ukapolo. Pofika m'ma 1860 mphamvu kumwera kwa nyanja zinali m'manja mwa mafumu Achiyao. Mponda anakhala pamene Shire imatulukira m'nyanja, pa dooko limene aulendo onse ankaolokera. Nkata, ndipo pambuyo pake Jalasi, anagwira phiri la Mangochi ndi njira zotsikira ku Lujenda. Makanjira anagwira gombe la kum'mawa ndi zombo zoolotsa anthu ndi katundu. Aliyense anakhala pamene njira ya malonda inkayenera kudutsa, ndipo mphamvu zake zinachokera pamenepo.

Chuma cha minyanga, misozi ya akapolo

Nthawi ya mafumu amenewa inali ya chuma ndi nkhanza pamodzi, ndipo mbiri yoona iyenera kunena zonse ziwiri. Midzi yawo inakula kukhala mizinda ya anthu zikwizikwi. Kunayamba kumangidwa nyumba zamakona anayi motengera za kugombe la nyanja yamchere. Mango, mpunga ndi ngole zinabzalidwa. Amuna otchuka anayamba kuvala mikanjo ndi zisoti, ndipo munthu amene sanafikeko kunyanja yamchere sankawerengedwa pa bwalo la amuna anzake.

Koma chimene chinkalipira zonsezi, pambali pa minyanga, chinali munthu. Minda ya ku Zanzibar ndi ku zilumba zina inkafuna antchito, ndipo maulendo ochokera kuno ankapita ndi anthu omangidwa m'magoli. Mfuti ndi onga zinkagulidwa ndi akapolo, ndipo mfutizo zinkagwiranso akapolo ena. Akazi ndi ana ambiri ogwidwa sankagulitsidwa. Ankasungidwa m'midzi ya mafumu kuti mudzi ukule, chifukwa ana a mkazi wotere analibe atsibweni odzawatenga. N'chifukwa chake m'mabanja ambiri a m'bomali muli magazi a ogwira ndi a ogwidwa omwe. David Livingstone, amene anafika pa nyanjayi mu 1859, anadutsanso kwa Mponda mu 1866 akuchokera kwa mfumu Mataka ku Mwembe, ndipo anaona midzi yopserera ndi njira za akapolo zimenezi.

Chisilamu chinadzera m'njira zomwezo. Mafumu ankasunga alembi ndi aphunzitsi Achiswahili odziwa kulemba makalata ndi kuwerengera katundu. Makanjira analowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo mafumu ena monga Mponda ndi Jalasi anatsatira. Chipembedzochi chinazika mizu chifukwa chinalowa m'miyambo ya anthu. Chinamwali cha anyamata cha lupanda chinasanduka jando, sadaka za omwalira zinapeza malo m'chipembedzo, ndipo sikiri anayamba kumveka m'midzi. Pambuyo pake mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje anaphunzitsa amwalimu ambiri amene anamwaza mizikiti ndi madarasa m'boma lonse.

Amishoni anafikanso m'nyengo yomweyi. Mu 1875 sitima ya Ilala inadutsa kwa Mponda n'kulowa m'nyanja, ndipo a mishoni ya Livingstonia anamanga ku Cape Maclear. Malungo atawathera anzawo anasamukira ku Bandawe mu 1881. Ansembe Achikatolika a White Fathers anakhala kwa Mponda kuyambira 1889 mpaka 1891, koma anachoka osakolola kanthu. Amene anakhalitsa ndi a Anglican a UMCA, amene anamanga kwa Mponda ndi ku Malindi.

Mzere wa 1891 ndi kugwa kwa malinga

Chaka cha 1891 ndicho chinatembenuza zonse. M'mwezi wa Juni Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano logawana dziko. Mzere wawo unachoka kugombe la kum'mawa kwa nyanja, kumpoto kwa dziko la Makanjira, n'kulowera kumwera chakum'mawa mpaka ku nyanja ya Chiuta. Palibe mfumu ya kuno imene inafunsidwa. Mzerewo unadula pakati dziko la Amachinga, kusiya Mandimba mbali ya Apwitikizi ndi Namwera mbali ya Angerezi. Mbumba imodzi inapezeka ili m'maiko awiri, manda a makolo uko, minda kuno. Chiponde monga chipata anabadwa ndi mzere umenewu.

Kulemba mzere kunali kosavuta, koma kulanda dziko kunatenga zaka zinayi za nkhondo. Kumapeto kwa 1891 Harry Johnston anafika kwa Mponda ndi asilikali Achisikh ochokera ku India, motsogozedwa ndi Cecil Maguire, n'kumanga linga kutsidya la kum'mawa kwa Shire. Lingalo analitcha Fort Johnston. M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho Maguire anaphedwa pamene ankafuna kuononga zombo za Makanjira. Kumayambiriro kwa 1892 gulu lina linakwera kukamenya Jalasi pa phiri la Mangochi, koma linabwezedwa, ndipo linasiya mzinga wake m'manja mwa ankhondo a mfumuyo. Kwa zaka zitatu phirilo linali losayandikizika.

Mu 1895 atsamunda anabweranso ndi asilikali ochuluka. Mudzi wa Jalasi unagwa, mfumuyo inaolokera mbali ya Apwitikizi, ndipo pamalopo panamangidwa linga la Fort Mangochi, limene makoma ake amiyala adakalipo m'nkhalango ya paphiripo. Chaka chomwecho Mponda anagonja kotheratu, ndipo Makanjira, amene m'dziko lake munali mutamangidwa kale linga la Fort Maguire, anathawiranso kutsidya. Malonda a akapolo mbali ino anathera pamenepo, ndipo chimenecho chinali chipulumutso kwa anthu osawerengeka. Koma pamodzi ndi iwo panatheranso ufulu wa mafumu wodzilamulira, ndi maulendo a kunyanja yamchere amene anali msana wa chuma cha Ayao.

Boma la atsamunda ndi magawo ake

Linga loyamba lija la Fort Johnston linali pamalo a chinyezi ndi udzudzu, choncho zaka za m'ma 1890 zisanathe boma linasamutsidwira kutsidya la kumadzulo kwa Shire, pamene pali tauni ya Mangochi lero. Dera lonse linatchedwa South Nyasa, ndipo pambuyo pake linadziwika ndi dzina la likulu lake, Fort Johnston. Tauniyo inakhala dooko lalikulu la sitima za panyanja. Nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria inamangidwa mu 1903. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen inakaononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann kumpoto kwa nyanja, ndipo mfuti ya Guendolen inaikidwa pafupi ndi nsanjayo. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946.

Kwa anthu a kumudzi, boma latsopanoli linadziwika ndi msonkho wa nyumba. Wopanda ndalama ankayenera kukagwira ntchito kuti apeze chiphaso cha msonkho. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse amuna ambiri anatengedwa kukhala amtengatenga, ndipo Ajeremani atalowa m'dziko la Apwitikizi kumapeto kwa 1917, njira ya Namwera inadzaza ndi asilikali ndi onyamula katundu olowera kum'mawa. Ambiri mwa onyamulawo anafera m'njira ndi njala ndi matenda.

Atsamunda anazindikira msanga kuti sangathe kutolera msonkho ndi kuweruza milandu popanda mafumu amene anawagonjetsa. Lamulo la 1912 linakhazikitsa mafumu oyang'anira magulu a midzi, ndipo la 1933 linapatsa mafumu akuluakulu mabwalo a milandu ndi mphamvu zoika malamulo ang'onoang'ono m'madera awo. Motero maina amene kale anali a atsogoleri a maulendo ndi nkhondo anasanduka maina a magawo a boma. Malire a mfumu, amene kale ankathera pamene anthu ake athera, tsopano analembedwa pa pepala.

Tsidya la Apwitikizi zinthu zinali zowawa koposa. Dziko la Niassa linali m'manja mwa kampani mpaka 1929, Mataka anagonjetsedwa mu 1912, ndipo anthu ankathawa ntchito yokakamiza, kulima thonje mokakamizidwa ndi chikwapu cha asipayi. Ayao ndi Alomwe ambiri anaoloka mzere uja n'kudzapempha malo kwa mafumu a mbali ino. Kumtunda kwa Namwera kunatsegulidwa minda ikuluikulu ya fodya, yambiri ya Agiriki, ndipo obwera kumenewa ndiwo ankagwiramo ntchito. Amuna ena anatenga njira ya kumigodi ndi m'mafamu a ku Rhodesia ndi ku Joni.

Pa nkhani ya sukulu panatsala chilonda chimene sichinapolebe. Sukulu zambiri zinali za mishoni, ndipo makolo Achisilamu ankaopa kuti mwana akapita kumeneko akabatizidwa ndi kudyetsedwa zoletsedwa. Ambiri anasankha madarasa okha. Boma la atsamunda silinachite zokwanira kumanga sukulu zosayang'ana chipembedzo, ndipo zotsatira zake n'zakuti dera limene linali ndi anthu odziwa kulemba m'zilembo za Chiarabu Azungu asanafike linatsalira pa maphunziro a m'kalasi kwa mibadwo ingapo.

Ufulu ndi zaka za mantha

Pa nkhondo yomenyera ufulu, Fort Johnston inatulutsa mmodzi wa atsogoleri olimba mtima kwambiri, Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa Anglican wa ku Malindi. Dziko litalandira ufulu mu Julayi 1964, sipanapite miyezi itatu nduna zisanasemphane ndi Dr Hastings Kamuzu Banda. Chipembere anabwerera kwawo n'kukabisala m'mapiri a kum'mawa kwa Shire. Mu Febuluwale 1965 iye ndi anthu ake analanda boma la Fort Johnston usiku n'kuyamba ulendo wa ku Zomba, koma pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina, ndipo asilikali a boma anawabalalitsa. Chipembere anatuluka m'dziko n'kukamwalirira ku America mu 1975. Medson Silombela, amene anapitiriza kumenya nkhondo m'tchire, anagwidwa n'kunyongedwa mu 1966.

Chilango chinagwera anthu wamba. Midzi yoganiziridwa kuti inkadyetsa zigawenga inatenthedwa, ndipo anthu ambiri, monga a m'mudzi wa Moto, anatsekeredwa kwa zaka popanda kuweruzidwa. M'zaka zomwezo dzina la Fort Johnston linachotsedwa, ndipo tauni ndi boma lonse zinatenga dzina la phiri la Mangochi. Lamulo la mafumu la 1967 linaika maufumu pansi pa mtsogoleri wa dziko, amene anapatsidwa mphamvu zovomereza kapena kuchotsa mfumu.

Pamene izi zinkachitika, kutsidya kunali moto. FRELIMO inayamba kumenyana ndi Apwitikizi mu 1964, ndipo Niassa inali limodzi mwa mabwalo oyamba a nkhondoyo. Mozambique italandira ufulu mu 1975, mtendere sunakhalitse, chifukwa kunabuka nkhondo ya pachiweniweni ndi RENAMO. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anthu ankaoloka malire usiku ndi usana, ndipo chiwerengero cha othawa kwawo m'Malawi muno chinafika pa miliyoni. M'dera la Chiponde ndi Namwera ena anakhala m'misasa, koma ambiri anangolowa m'midzi ya abale awo, kumene analandiridwa ngati ana a mbumba obwerera kwawo. Madzi saiwala khwawa: njira zimene makolo anadzera pothawa Alolo ndizo zidzukulu zinadzera pothawa mfuti zamakono. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992 ambiri anabwerera, ena anatsala chifukwa cha maukwati ndi minda. Nkhalango za m'mapiri zinatsala zitapepuka, popeza khamu lonselo linkafuna nkhuni ndi mitengo yomangira.

Kuchokera 1994 kudza lero

Ulamuliro wa zipani zambiri unabweretsa zosintha zooneka. Sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994. Chiyao chinayamba kumveka pa nkhani za wailesi ya MBC, ndipo tsiku la Idi yomaliza kusala kwa Ramadani linakhala la tchuthi m'dziko lonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pa Shire panamangidwa mlatho watsopano ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo msewu wa tala unalumikiza Mangochi, Namwera, Chiponde, Nselema ndi Ntaja mpaka ku Liwonde. Dera limene nthawi ya dzinja linkakhala lodulidwa linatseguka.

Chiponde anakula ndi msewuwo. Pa chipata pali maofesi oona zolowa ndi kutuluka, a msonkho a MRA ndi apolisi. Kunja kwake kuli msika, osintha makwacha ndi mameticais, ndiponso anyamata a kabaza amene amanyamula anthu ndi matumba pa mtunda wolekanitsa chipata cha Malawi ndi cha Mandimba. Chimanga, nyemba, nandolo ndi soya zimaoloka molingana ndi kumene mtengo wakomera, ndipo chaka cha njala chimanga cha ku Niassa chimapulumutsa mabanja ambiri a mbali ino. Kuchokera pa Mandimba msewu umapita kumpoto ku Lichinga ndi kumwera chakum'mawa ku Cuamba, kumene umakumana ndi njanji ya ku dooko la Nacala. Ndiye kuti katundu wa dera lino wayambanso kuyang'ana kunyanja yamchere monga kale.

Kunyanja nako moyo wasintha. Malo otetezedwa a Lake Malawi National Park anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawazindikira mu 1984. Mahotela anadzaza gombe kuyambira kufupi ndi boma mpaka ku Cape Maclear. Koma chambo cha m'nyanja ya Malombe chinatha mphamvu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha maukonde a maso ang'onoang'ono, ndipo mpamene anayambitsa makomiti a m'magombe kuti asodzi eni ake aziteteza nsomba. Achinyamata ambiri, poona kuti munda wachepa ndipo nyanja yatopa, amakwera basi ya ku Joni. Nyumba zamalata zambiri za m'midzi ya kuno zinamangidwa ndi ndalama za kumeneko, koma mtengo wake ndi ana okula osaona abambo awo ndi anyamata osiya sukulu poyembekezera pasipoti.

Anthu ndi magawo a boma lero

Kalembera wa 1966 anapeza anthu 232,692 m'bomali. Mu 1977 analipo 302,341, mu 1987 anafika 496,578, mu 1998 anali 610,239, ndipo mu 2008 anayandikira 800,000. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 1,148,611. Pa zaka 52 chiwerengero chinakula pafupifupi kasanu, ndipo tikapatula mizinda ikuluikulu, boma la Lilongwe lokha ndilo limaposa Mangochi. Pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse ndi Ayao, otsalawo ndi Achewa ndi Anyanja, Alomwe, Angoni ndi ena. Anthu oposa asanu ndi awiri mwa khumi alionse ndi Asilamu, ndipo Akhristu ali ndi mipingo yakale monga Anglican, CCAP ndi Katolika, amene dayosizi yake ya Mangochi inakhazikitsidwa mu 1973. Okhala m'tauni ya Mangochi anali oposa 50,000 pang'ono, kusonyeza kuti bomali ndi la anthu a kumudzi.

Dziko lake ndi lalikulu masikweya kilomita oposa 6,000, ndipo lili m'chigawo cha kumwera. Limachita malire ndi Machinga, Balaka, Ntcheu ndi Dedza, kuyang'anizana ndi Salima kutsidya la nyanja, ndi Mozambique kum'mawa konse. Shire imaligawa pawiri. Kumadzulo kuli mafumu aakulu monga Mponda, Chimwala, Chilipa ndi Nankumba, amene dera lake limafika ku Monkey Bay ndi Cape Maclear. Kum'mawa kuli Chowe, Namavi ndi Makanjira m'mbali mwa madzi, ndipo kumtunda kwa m'malire kuli Katuli, Jalasi ndi Bwananyambi. M'zaka zaposachedwa mafumu ena ang'onoang'ono akwezedwa pamene anthu achulukana. Pansi pa mfumu yaikulu pali magulupu, pansi pa gulupu pali nyakwawa, ndipo ufumu umatsata kuchikazi, kawirikawiri kugwera mwana wa mlongo wake wa mfumu.

Pambali pa mzere wa mafumu pali mzere wa khonsolo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linafuna kuti mphamvu zitsikire kwa anthu. Khonsolo ya boma imatsogozedwa ndi makhansala osankhidwa m'mawodi, ntchito za tsiku ndi tsiku zimayendetsedwa ndi bwanamkubwa, ndipo tauni ya Mangochi ili ndi khonsolo yakeyake. M'midzi muli makomiti a chitukuko a VDC pa gulupu ndi a ADC pa mfumu yaikulu. Ndondomekoyi inayenda mopunduka, chifukwa makhansala atasankhidwa mu 2000 sipanakhalenso chisankho chawo mpaka 2014. Ku Nyumba ya Malamulo bomali linaimiridwa kwa zaka zambiri ndi aphungu 12, madera asanadulidwenso pokonzekera chisankho cha 2025.

Magawo onsewa ali ndi ntchito imodzi, yofikitsa boma pafupi ndi munthu, ndipo apa mpamene Mangochi akadali ndi ngongole. Likulu linaikidwa pa Shire chifukwa atsamunda ankayenda pa sitima, ndipo lakhala pomwepo ngakhale anthu achuluka kasanu. Mayi wa kwa Katuli kapena wa kwa Makanjira wofuna chipatala chachikulu kapena ofesi ya boma amayenda ulendo wotha tsiku ndi ndalama. Kumtunda kwa Namwera ndi Chiponde kuli anthu okwana kudzaza boma lina la m'dziko muno, ndipo akuyenera sukulu za sekondale zokwanira, zipatala zokhala ndi madokotala, ndi maofesi otha kumaliza nkhani pomwepo osatumiza munthu kutsika phiri. Akuyeneranso chipata chimene chimazindikira kuti mlimi wa ku Mandimba ndi wa ku Chiponde ndi ana a mbumba imodzi, chosavutitsa wonyamula thumba limodzi la nyemba kapena wopita kumaliro a atsibweni ake. Kalembera wotsatira adzapeza anthu ochuluka kuposa a 2018, ambiri mwa iwo ana, pa dziko limene silinakule ndi phazi limodzi. Mafumu, makhansala ndi aphungu a bomali adzayesedwa ndi chimene anawo adzapeze kwawo: kalasi yokhala ndi mphunzitsi, munda wobereka ndi msika wogula zokolola pa mtengo woyenera.